Kulera ana n'kugwiranso ntchito ndi akuluakulu

Ambiri amene amalowa ntchito yophunzitsa kapena kusamalira ana aang'ono amalowa chifukwa chokonda ana. Kumaphunziro amauzidwa mmene mwana amakulira, mmene amayambira kulankhula, nyimbo ndi masewera oyenera msinkhu uliwonse, ndiponso chochita mwana akadwala mwadzidzidzi. Koma akangoyamba ntchito amapeza kuti chowasowetsa tulo si ana ayi. Ndi bambo amene akufunsa mokalipa chifukwa chake mwana wake wa zaka 4 sakulembabe dzina lake. Ndi mayi amene wangosiya kubweretsa mwana osanena kanthu. Ndi komiti imene yatha miyezi osakumana, namwino wa chipatala chapafupi amene sanaonanepo naye, komanso agogo amene ndiwo amalera mwanayo usana ndi usiku koma palibe anawaitanapo kumsonkhano.

Zimenezi ndi zimene akatswiri a maphunziro a mmera mpoyamba amanena akamakamba za mgwirizano wa sukulu za mkombaphala ndi anthu a m'dera. Mayiko olemera ndi osauka omwe akhala akulimbana ndi funso limodzi: kodi luso logwira ntchito ndi makolo limaphunzitsika, nanga limaphunzitsidwa motani?

Chifukwa chake nkhaniyi siingazembedwe chili m'masamu osavuta. Mwana amene amakhala kusukulu maola 4 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, amakhalako maola 20. Ngati amakhala maso maola 12 pa tsiku, ndiye kuti pa sabata ndi maola 84. Mphunzitsi amakhala naye nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 4. Nthawi yotsalayo ali m'manja mwa ena, ndipo zimene enawo amachita zikhoza kulimbitsa kapena kufafaniza zam'kalasi. Urie Bronfenbrenner, katswiri wa kakulidwe ka ana wa pa yunivesite ya Cornell, anafotokoza mu 1979 kuti mwana samangoumbidwa ndi nyumba payokha ndi sukulu payokha, koma amaumbidwanso ndi ubale umene ulipo pakati pa ziwirizo. Makolo ndi aphunzitsi akamakayikirana, mwana amamva, ngakhale palibe wamuuza. Mu 2018 mabungwe a WHO, UNICEF ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse anatulutsa ndondomeko yotchula zinthu 5 zimene mwana amafunika kuti akule bwino: thanzi, chakudya chokwanira, chitetezo, womulera womumvetsera ndi kumuyankha, ndi mpata wophunzira adakali wamng'ono. Palibe wogwira ntchito mmodzi amene angapereke zonsezi. Wina ayenera kulumikiza anthu amene ali ndi chilichonse mwa izi, ndipo nthawi zambiri winayo amakhala mlezi amene sanaphunzitsidwepo ntchito yolumikizayo.

Pamene misonkhano ya makolo inabweza zinthu m'mbuyo

Anthu ambiri amaganiza kuti bola makolo aitanidwe ndi kuuzidwa zoona, zinthu ziyenda. Zimene zinachitika ku Ghana zimasonyeza kuti si choncho.

M'chaka cha maphunziro cha 2015 mpaka 2016, gulu la ofufuza, mmodzi mwa iwo Sharon Wolf, linagawa mwamaere sukulu 240 za m'chigawo cha Greater Accra m'magulu atatu. M'gulu loyamba aphunzitsi a ana aang'ono anaphunzitsidwa njira zophunzitsira kudzera m'masewera ndi kulangiza ana popanda chikwapu, ndipo alangizi ankawayendera m'makalasi mwawo. M'gulu lachiwiri aphunzitsi analandira zomwezo, koma panawonjezedwa misonkhano itatu ya makolo, kumene ankaonetsedwa mavidiyo ofotokoza ubwino wa njira zatsopanozo kenako n'kukambirana. Gulu lachitatu silinalandire chilichonse. Aliyense akanayembekezera kuti gulu lachiwiri ndilo lipambane. Sizinatero. Ana a m'gulu loyamba ndiwo anapita patsogolo, pamene m'gulu lokhala ndi misonkhano ya makolo phindu la anawo linafafanizika.

Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anapereka n'chakuti makolo ena sanagwirizane ndi zimene anaona, ndipo anayamba kuzitsutsa. Izi siziyenera kudabwitsa. Kholo limene likudzimana kuti mwana aphunzire limafuna kuona zilembo m'kope. Likaona mwana akuunjika timatabwa kapena akuimba, limaona ngati thukuta lake likupita pachabe. Likauzidwa kuti chikwapu chisiyidwe, limadzifunsa kuti nanga mwana adzaopa chiyani. Mantha amenewa si umbuli, ndi chikondi chimene chili ndi nkhawa. Msonkhano umene wakonzedwa kuti uuze makolo, osati kuwafunsa chimene akuopa, umangodzutsa nkhawayo n'kuisiya ili maso. Ndipo amene amakumana nayo m'mawa mwake pakhomo la kalasi ndi mphunzitsi, yekhayekha.

Tsopano taonani zimene zinachitika ku Kingston, m'dziko la Jamaica, kuyambira mu 1986. Sally Grantham-McGregor ndi anzake anatenga ana 129 opinimbira, a miyezi 9 mpaka 24, a m'mabanja osauka. Ena mwa anawo ankayenderedwa kunyumba kamodzi pa sabata, kwa ola limodzi, kwa zaka ziwiri. Oyenderawo sanali madokotala kapena aphunzitsi a madigiri. Anali azaumoyo wamba a m'dera amene anaphunzitsidwa bwino ntchito imodzi.

Ntchitoyo inali yotere. Mlendo amafika ndi choseweretsa chopangidwa ndi zinthu zotayidwa, monga botolo lapulasitiki ndi zitsekerero. Amayamba wafunsa mayi mmene sabata yathera ndi zimene mwana wachita ndi choseweretsa chimene chinasiyidwa ulendo wapitawo. Kenako amasonyeza sewero latsopano, mwina kuponya zitsekerero m'botolo uku akutchula "mkati", "kunja". Akasonyeza kamodzi kapena kawiri amabwerera m'mbuyo, n'kupereka botolo kwa mayi. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kusewera ndi mwana n'kosangalatsa, ndipo mlendo wosaphunzitsidwa amatha ola lonse akusewera yekha ndi mwanayo mayi akungoonerera. Wophunzitsidwa amadziletsa. Amayang'ana mayi akuchita, amamuyamikira pa chinthu chenicheni chimene wachita bwino, amayamikiranso mwana, ndipo pochoka amasiya choseweretsacho kuti banjalo lipitirize masiku 6 otsalawo.

Patatha zaka pafupifupi 20 anawo anafufuzidwanso ali akuluakulu. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2014 zinasonyeza kuti amene ankayenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo amene sankayenderedwa. Njirayi inakonzedwa kukhala maphunziro otchedwa Reach Up, ndipo yayesedwa m'mayiko ngati Bangladesh, Colombia ndi India. Koma pamene njira yoyendera mabanja yakulitsidwa kuti ifike kwa anthu ochuluka, mphamvu yake yakhala ikuchepa, ndipo zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi kufupikitsa maphunziro a oyenderawo, kuchepa kwa owayang'anira ndi kusiyasiya ntchito.

Ku Ghana ndi ku Jamaica konse makolo anafikiridwa. Kusiyana kunali pa chimene wofika kwa makoloyo anaphunzitsidwa kuchita akafika.

Zimene munthu amayenera kuphunzira

Choyamba ndi kufunsa ndi kumvetsera, ndipo n'chovuta kuposa mmene chimamvekera kwa munthu amene ntchito yake tsiku lonse ndi kulankhula. Maphunziro a WHO ndi UNICEF otchedwa Care for Child Development, amene anatuluka mu 2012, amaika ndondomeko yake motere: yang'ana, funsa ndi kumvetsera, yamikira, kenako langiza, ndipo pomaliza tsimikiza kuti mwamvana. Langizo limabwera mochedwa dala. Kholo limene layamba layamikiridwa pa chinthu choona limatsegula makutu.

Pamene lusoli limayesedwa kwenikweni ndi pa nkhani zowawa. Tiyerekeze kuti mphunzitsi akukayikira kuti mwana samva bwino. M'maphunziro abwino nkhani ngati imeneyi siimangofotokozedwa pabolodi, imaseweredwa. Wophunzira mmodzi amakhala mayi, wina mphunzitsi. Ulendo woyamba pafupifupi aliyense amayamba chonchi: "Mayi, mwana wanuyu ali ndi vuto, samva." Wosewera ngati mayi uja, ngakhale akudziwa kuti ndi sewero, amapezeka wapinda manja, nkhope yagwa. Mlangizi amaimitsa n'kumufunsa kuti wamva bwanji mumtima. Kenako amabwereza. "Mayi, zikomo kuti mwabwera. Mwana wanu ndi watcheru kwambiri, akaona anzake akuimirira nayenso amaimirira msanga. Koma ndaona kuti ndikamuitana ndili kumbuyo kwake satembenuka. Kaya kunyumba inu mwaonapo zotani?" Nthawi zambiri mayi weniweni akafunsidwa chonchi amayankha kuti nayenso wakhala akuziona, koma amaopa kunena.

M'mawu ochepawo muli maphunziro angapo. Mphunzitsi wanena chimene waona, sanatchule matenda, chifukwa iye si dokotala. Wayamba ndi chabwino chimene chili choona, osati chongokometsera. Wasiyira kholo mpata woti likhale mboni inzake. Nkhaniyo waikambira poduka mphepo, osati pageti makolo ena akumva. Ndipo asanaiyambe n'komwe ayenera kukhala atadziwa kumene mwanayo angakapimidwe, tsiku limene opima amapezeka ndi munthu wokamuona, chifukwa kudzutsa mantha a kholo popanda njira yopitira patsogolo n'kulizunza chabe. Ichi n'chifukwa chake maphunziro ena amatuma ophunzira kuti akazungulire dera lawo, akadziwane maso ndi maso ndi azaumoyo, oona za chisamaliro cha anthu, othandiza ana aulumali, atsogoleri a zipembedzo ndi aphunzitsi a kalasi yoyamba ya pulayimale kumene anawo adzapite. Kalata yotumiza mwana kwa munthu amene mumadziwana imayenda msanga kuposa yopita ku ofesi yopanda nkhope.

Pamenepa pamabweranso nkhani ya chinsinsi. Mlezi amamva zambiri: banja likutha, bambo wachotsedwa ntchito, mayi akudwala. Akangoulula kamodzi, dera lonse limatseka pakamwa. Koma chinsinsi chili ndi malire, pakuti mwana akamachitidwa nkhanza mlezi ayenera kukanena kumene malamulo a dziko lake amalamula. Wophunzitsidwa bwino amauziratu makolo za malire amenewa pachiyambi pa chaka, zinthu zisanavute.

Chinthu china, chimene ine ndimachiona kuti n'chozama kuposa zonse, ndi mmene mphunzitsi amaonera mabanja osauka kapena osiyana naye chilankhulo. N'kosavuta kuwaona ngati anthu osowa: alibe mabuku, sanaphunzire, sabwera kumisonkhano. Ku Tucson, m'chigawo cha Arizona ku America, ofufuza Luis Moll, Norma González ndi Cathy Amanti pamodzi ndi anzawo anayesa kutembenuza maso amenewa. Anaphunzitsa aphunzitsi njira zofunsira mafunso zimene ofufuza za chikhalidwe cha anthu amagwiritsa ntchito, n'kuwatuma kumakomo a mabanja ochokera ku Mexico, osati kukalangiza kapena kukadandaula za mwana, koma kukaphunzira. Anapeza nzeru zochuluka za ulimi, umakaniko, ukalipentala, malonda ndi mankhwala, zimene sukulu sinkazidziwa n'komwe. Akabwerako ankakumana m'magulu kukambirana zimene aona ndi mmene angazilowetsere m'kalasi. Ntchito yawo inadziwika kwambiri kuyambira mu 1992. Mphunzitsi amene wakhala pansi m'nyumba ya mwana n'kumva bambo ake akufotokoza mmene injini imagwirira ntchito sangathenso kunena kuti kwawo kwa mwanayo kulibe choti aphunzire.

Dziko la New Zealand linafika poika ganizo lotere m'silabasi ya boma. Silabasi ya ana aang'ono yotchedwa Te Whāriki, imene inatuluka mu 1996, ili ndi mfundo zikuluzikulu 4, ndipo imodzi ndi banja ndi dera. Izi sizinagwe kumwamba. Mu 1982 anthu a mtundu wa Māori anali atayamba kale malo awoawo olerera ana m'chilankhulo chawo, otchedwa kōhanga reo, kumene agogo ndiwo anali patsogolo. Boma linaphunzira kwa anthu.

Mwini sukulu ndani?

Mawu akuti mgwirizano amabisa funso la mphamvu. Malo ambiri makolo amakumbukiridwa pakafunika ndalama, pakafunika omanga kapena osesa, koma pokambirana zimene ana aziphunzira kapena wolembedwa ntchito, chitseko chimatsekedwa. Kumeneko n'kutuma, si kugwirizana.

Mbiri ya ntchitoyi ili ndi zitsanzo zosiyana ndi zimenezi. Mu 1945, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha, anthu a mudzi wa Villa Cella pafupi ndi mzinda wa Reggio Emilia ku Italy anagulitsa kasinja, mahatchi ndi malole zimene asilikali a Germany anasiya pothawa, n'kumanga sukulu ya ana awo ndi manja awo. Mphunzitsi wachinyamata Loris Malaguzzi atamva anapita kukaona, n'kukhalira komweko kuwathandiza. Sukulu za Reggio Emilia zimene lero zimatchuka padziko lonse zinayamba ndi makolo, aphunzitsi n'kubwera pambuyo. Ku America, pologalamu ya Head Start imene inayamba mu 1965 ya ana a m'mabanja osauka imalamula kuti pakhale khonsolo imene mamembala oposa theka ndi makolo a ana amene akuphunzira pa nthawiyo, ndipo khonsoloyo ili ndi mawu pa bajeti ndi pa kayendetsedwe ka pologalamuyo.

Chitsanzo chimene chimakhudza maphunziro mwachindunji ndi cha bungwe la Aga Khan Foundation, limene mu 1986 linayamba kuthandiza madera a Asilamu ku Mombasa kukhazikitsa sukulu za mkombaphala, ntchito imene inafika ku Zanzibar ndi ku Uganda. Kumeneko sankaphunzitsa aphunzitsi okha. Dera linkasankha amayi ake oti akaphunzire uphunzitsi, linkasankhanso komiti, ndipo komitiyo inkaphunzitsidwa kusunga mabuku a ndalama, kuyendetsa misonkhano ndi kuyang'anira sukulu. Panali antchito ena apadera amene ntchito yawo inali kuyenda ndi anthu a m'dera, osiyana ndi amene ankalangiza aphunzitsi m'kalasi. Nzeru yomweyi inaonekeranso mu 2013 pamene unduna wa maphunziro ku America unatulutsa ndondomeko imene katswiri wa maphunziro Karen Mapp anatsogolera kulemba, yonena kuti mbali zonse ziwiri, antchito ndi mabanja, zimafunika kukonzekeretsedwa. Kuphunzitsa mbali imodzi kuli ngati kunola mpeni umodzi wa sizasi.

Komabe komiti si mankhwala a zonse, ndipo mphunzitsi ayenera kuchenjezedwa. Makomiti amakonda kugwidwa ndi anthu ochepa odziwa kulankhula, amene ali ndi nthawi ndi ulemu m'dera. Mayi wolera yekha ana amene amagwira ntchito mpaka usiku, banja lobwera limene silidziwa chilankhulo, kholo la mwana waulumali limene latopa ndi maso a anthu, onsewa sapezeka pamsonkhano, ndipo n'kosavuta kuwalemba kuti alibe chidwi. Luso lili pa kuzindikira amene kulibe, kufunsa chimene chikuwatsekereza, ndi kusintha nthawi, malo kapena chilankhulo cha msonkhano m'malo modikira kuti iwo ndiwo asinthe. Abambo nawonso nthawi zambiri sabwera chifukwa uthenga uliwonse wochokera kusukulu umalembedwa ngati wopita kwa amayi.

Kaphunzitsidwe kake ndi zimene zimakapha

Luso lonseli silikhazikika ndi msonkhano wa masiku atatu kuhotela, ngakhale kuti imeneyi ndi njira imene opereka ndalama amaikonda chifukwa ndi yosavuta kuwerenga mitu ndi kulemba lipoti. Munthu amabwerako ndi kope lodzaza, koma akakumana ndi bambo wokwiya amabwerera ku chizolowezi chake chakale, kudziteteza kapena kukhala chete. Chimene chimasintha zochita ndi kuyeserera, kuonedwa ukugwira ntchito, ndi kukambirana pambuyo pake ndi munthu amene sakubwera kudzakugwira zolakwa. Mlangizi amene amapita limodzi ndi mlezi kunyumba ya mwana, n'kumufunsa pobwerera kuti "pamene mayi aja anayang'ana pansi, inu mukuganiza kuti chinachitika n'chiyani?", amaphunzitsa zambiri pa mphindi zochepa.

Kafukufuku amene mayunivesite a East London ndi Ghent anachitira European Commission (bungwe loyendetsa ntchito za mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya), wotuluka mu 2011, anafika pa mfundo imene ambiri safuna kuimva: luso si katundu wa munthu mmodzi, limadalira dongosolo lonse. Mungamuphunzitse bwanji mlezi, ngati maola ake onse olipidwa ali ndi ana, adzaonana liti ndi makolo? Pologalamu yotchuka ya Perry Preschool, imene inachitika ku Ypsilanti m'chigawo cha Michigan kuyambira mu 1962 mpaka 1967, imakumbukiridwa chifukwa cha zotsatira zake zokhalitsa, koma anthu amaiwala kuti ana ankakhala m'kalasi maola awiri ndi theka okha m'mawa, ndipo masana aphunzitsi omwewo ankayendera banja lililonse kwa ola ndi theka sabata iliyonse. Kuyenderako kunali gawo la ntchito, osati chifundo chapadera. Ku Reggio Emilia nakonso maola okambirana ndi makolo ndi aphunzitsi anzawo ali m'kati mwa sabata ya ntchito.

Ndiye pali nkhani ya malipiro, imene imadya maphunziro mwakachetechete. M'mayiko ambiri ntchito yolumikiza sukulu ndi dera imasenzetsedwa amayi a m'dera lomwelo, pa chifukwa chomveka chakuti amadziwika ndi kukhulupiriridwa. Koma chifukwa chomwechi chimasanduka chodzikhululukira posawalipira. Ku India, pologalamu ya boma yosamalira ana imene inayamba mu 1975 ili ndi malo oposa 1.3 miliyoni otchedwa anganwadi, koma amayi ogwira ntchito m'malowo amatengedwa ngati ongodzipereka olandira kangachepe, osati antchito a boma, ndipo akhala akuchita zionetsero kwa zaka zambiri. Ku Colombia, amayi olera ana a m'dera m'nyumba zawo, pologalamu imene inayamba mu 1986, anadikira mpaka 2014 kuti ayambe kulembedwa ntchito mwalamulo pa malipiro ochepetsetsa ovomerezeka. Mlezi akasiya ntchito samangopita ndi satifiketi yake. Amapita ndi kudziwa kwake kuti mwana uyu amaleredwa ndi azakhali ake, kuti banja ilo silifuna kuyenderedwa bambo kulibe, kuti namwino uja amayankha foni madzulo. Wolowa m'malo mwake amayambira pansi, ndipo makolo amene atsanzikana ndi alezi atatu pa zaka ziwiri safulumiranso kumasuka kwa wachinayi.

Vuto lotsala ndi lodziwira ngati maphunzirowo agwira. Chosavuta kuwerenga ndi chiwerengero cha misonkhano ndi anthu osayina m'kaundula, koma misonkhano ya ku Ghana ija inachitika ndithu ndipo ikanalembedwa m'lipoti ngati ntchito yotheka. Njira ina yooneka yanzeru ndi ya satifiketi ya Child Development Associate ya ku America, imene inayamba kuperekedwa mu 1975. Kuti munthu ailandire amafunika maola 120 a maphunziro ndi maola 480 ogwira ntchito ndi ana, ndipo kumanga ubale ndi mabanja ndi chimodzi mwa zinthu zimene amayesedwa nazo. Pa zimenezi amawonjezera mafomu amene mabanja a ana ake amadzaza, onena mmene iwo akumuonera, ndipo wofuna satifiketiyo amayenera kuwerenga mayankhowo n'kutchula zimene akuchita bwino ndi zimene ayenera kukonza.